Tinkati Ndi Netiweki

Kwathu kuno, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, intaneti siyenda pansi. Ukaifuna uyenera kuikwerera. M'nyumba mwanga foni imangokhala ngati mwala, timizere ta netiweki tonse psiti, koma ukaikweza kupitirira denga kamzere kamodzi kamasuzumira, tsiku labwino tiwiri. Ndiye amuna anga anadula nsungwi yaitali, kuiimika pambali pa khonde, n'kudutsitsa chingwe pa kawaya kamene anakapinda pamwamba pake, monga timachitira ndi mbendera kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Kuchingweko tinamangirira kachigubu kodula pakamwa. Ndikayatsa hotisipoti yogawira laputopu intaneti, foni imalowa m'kachigubumo, n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka pamwamba, ine n'kukhala pakhonde ndi laputopu kudikira zimene zigwe kuchokera kumwambako. Masiku oyamba asodzi odutsa popita kudoko ankandiseka, ati aphunzitsi akukweza mbendera ya dziko lawolawo. Ndinkangoti sekani, mano ndi anu. Sipanapite nthawi, nsungwi zina zinayamba kumera m'makomo mwa anthu omwewo.

Laputopuyo nayo ndi nkhalamba. Ndinaigula kwa munthu ku Zomba pamene ndinayamba maphunziro ochita uli kunyumba, ndipo kuyambira tsiku loyamba yakhala ikuyesa chikhristu changa. Batire yake inafa kalekale, moti ukangoisolola ku batire ya sola imazima pomwepo ngati wauzira nyali. Pansi pa mabatani pamakhala nyerere, kaya zimapezamo chiyani, ndipo ukamalemba zimatuluka kudzakufunsa chimene ukuzisokonezera. Ikatentha imalira ngati chigayo. Choipitsitsa n'chakuti ili ndi khalidwe lakuba. Ukagula bandulo yoti utumizire ntchito ya kusukulu, iyo imayamba kudzikonza yokha mwakachetechete, kudya bandulo yonse ili phee, iwe n'kumangoona kabwalo kakuzungulira pakati pa sikirini. Kabwalo kameneko! Kanditukwanitsa mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa n'komwe.

Koma sindikulemba izi pofuna kudandaula za makina ayi. Laputopu yoipayo ndi imene amayi ankaonerapo mwana wawo wamwamuna.

Achimwene anga, woyamba kubadwa kwa amayi, anapita ku Joni chaka china nyanja itauma mpaka anthu kumapita pachilumba cha Chisi panjinga. Maukonde anali atapachikidwa, ngalawa ili pamatope ong'aluka, ndiye iwo anati kukhala pano n'kudikira njala. Kumeneko anapeza ntchito yodula miyala ndi matailosi pamalo omanga nyumba za anthu olemera. Poyamba ankangoimba foni wamba, koma amayi ankati mawu okha sakhutitsa. Kuwaonetsa pafoni sikunathandize, chifukwa maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, ati nkhope ngati chikhadabo imeneyo ndione chiyani, komanso foniyo inkafunika ikhale kumwamba pansungwi. Ndiye tinapangana kuti Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tizilankhulana moonana nkhope pa laputopu. Amayi ankabwera asanavule ndi zovala za kutchalitchi zomwe, n'kukhala pamkeka miyendo tambalale, laputopu ili pa kampando patsogolo pawo.

Kulankhulana kwake kunali kwa mtundu wakewake. Chithunzi chinkabwera ngati munthu ukumuona m'madzi otsukira mpunga, nkhope yonse timabokosi timabokosi. Mawu ankafika mochedwa, milomo itatseka kale. Achimwene akayamba kuti, "Amayi, mwadzuka bwa," ankaima pomwepo, ife n'kudikira, kenako mawu otsalawo n'kugwa onse pamodzi mothamangitsana. Tinazolowera. Tinali ndi yankho limodzi pa chilichonse: ndi netiweki. Akaoneka wakuda kwambiri, ndi netiweki. Akaoneka wotuwa, ndi netiweki. Mawu akasasa, ndi netiweki, mwina mwera wagwedeza nsungwi. Akaima pakati pa chiganizo, ine ndinkadzuka kupita kuchingwe, kutsitsa kachigubu pang'ono, kukakwezanso, kukatembenuza kuti kayang'ane kumapiri a Zomba, uku ndikunyoza makampani onse a mafoni ndi azigogo awo omwe. Amayi ankandidzudzula kuti iwe, pakamwa pako, lero ndi Lamulungu.

Chaka chimene ndikunenachi nyanja inayambanso kuthawa. Siichita phokoso ikamapita. Umangodzuka n'kupeza pamene ngalawa zinkakocheza pali matope, ndipo asodzi akukoka mabwato awo kutsatira madzi. Matemba anayamba kusowa pamsika. Mphepo ikachokera kunyanja inkabwera ndi fungo la nsomba zofera m'zithaphwi, ndipo masana kumatope ouma kuja kunkadzuka fumbi loyera, lamchere, lolowa m'maso, m'mano, m'mabatani a laputopu. Ndinkaikulunga m'chitenje ngati khanda, komabe ukaitsegula unkatha kulemba dzina lako pasikirini ndi chala. Achikulire ankayang'ana kunyanja n'kupukusa mitu.

M'nyengo yomweyo minibasi ina inalowa m'mudzi mwathu ikukoka kangolo kumbuyo. Aliyense kuno amakadziwa kangolo kotero. Munali bokosi la mwana wa anansi athu, nayenso wa ku Joni, amene makolo ake sanadziwe n'komwe kuti ankadwala. Bokosilo linabwera lokhomedwa, ndipo anatiuza kuti tisalitsegule chifukwa ulendo unali wautali. Mayi wake analira akukanda thabwa ndi zikhadabo, akuti ndikuoneko kokha, mwanangu, ndikuoneko kokha. Ine ndayenda m'maliro ambiri, koma kulira kumene kuja kunandilowa m'mafupa.

Kuchokera kumanda ndinabwerera limodzi ndi amayi. Titafika pakhomo anaima pafupi ndi nsungwi ija, nayang'ana kumwamba kumene kachigubu kanali lendee.

"Iwe," anatero, "pakhomo pano kangolo sikadzalowa. Wandimva? Wanga adzabwera atakhala pampando. Ngati n'kudwala adzadwalire pano, ngati n'kufa ndidzamutseke maso ndine."

Ndinati, "Aa, amayi, mukulosera chiyani? Achimwene ali bwinobwino, si tawaona Lamulungu lapitali?"

"Tawaona?" anandifunsa. "Iwe unaona chiyani?"

Kunena zoona, chimene ndinaona chinali chipewa, jekete, ndi timabokosi pakati pake.

Chipewacho chinali chatsopano. Achimwene sanali munthu wa zipewa, ankanyadira mutu wawo waukuluwo, koma miyezi imeneyo sankaoneka popanda chipewa cha ulusi chofika m'makutu ndi jekete lotseka mpaka m'khosi. Ankati ku Joni kukuzizira. Ife tikupsa ndi dzuwa kuno, iwo ati kukuzizira, ndipo tinangovomera, dziko la eni ndani akulidziwa? Nkhani nazo zinayamba kufupika. Munthu amene kale ankafunsa za aliyense, za mpunga wa ku Likangala, za amene wakwatira ndi amene wathawitsa mkazi wa mnzake, tsopano ankangopereka moni, kufunsa za nyanja, basi. Nthawi zina ankati, "Achemwali, netiweki yanuyo lero yanyanya, ndizime kamera kuti mawu azimveka." Ndipo n'zoona, ukazima kamera mawu amayenda bwinoko, aliyense wa nsungwi amadziwa zimenezo. Ndiye amayi ankakhala akuyang'ana sikirini yakuda bii, akulankhula ndi mdima.

Kenako linafika Lamulungu limene sindidzaliiwala. Kunatentha kuyambira m'mawa, mbalame zomwe zili zii. Tinali titangoyamba kulankhula, kamera ili yoyaka chifukwa amayi anakakamira, pamene kamvulumvulu anadzuka kumatope kuja n'kubwera molunjika kumudzi, atanyamula mapepala ndi zinyalala za mpunga. Nsungwi inawerama, kachigubu kanavina, ndipo chithunzi chinaima. Kuima tinakuzolowera, koma tsiku limenelo chinaima poipa. Mutu wa achimwene unali utagwera kumbuyo, maso otseka theka, pakamwa yasa. Ndinadina apa, ndinadina apo, laputopu yauma gwaa, ngakhale kamuvi kosuntha kaja sikanasunthe. Chigayo chake chokha ndicho chinkalira. Nkhope ija inangokhala pamenepo ikuyang'ana kudenga la khonde langa.

"Mutseke pakamwa mwana wanga," amayi anatero, motsitsa mawu.

"Ndi makina awa, amayi, ajama, dikirani."

"Ndati mutseke pakamwa!"

Ndisanachite kanthu anatambasula dzanja, nadutsitsa zala zawo pasikirini kuchokera pamphumi kutsikira m'maso, monga timachitira ndi munthu amene watisiya. Zala zinasiya mizere pafumbi, koma maso aja sanatseke. Ndinasolola chingwe ku batire, sikirini inazima, ndipo tinakhala choncho osayang'anana. Tsiku limenelo amayi sanadye. Nanenso ndinachita mantha, ndisaname, mantha enieni, ngakhale ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi kompyuta chabe imene yatentha ndi fumbi.

Achimwene anatumiza uthenga madzulo ake, wakuti netiweki yanuyo idzakuphani ndi mtima, ine ndili bwino. Ndinawawerengera amayi. Anangoti, "Oho."

Pakati pa sabata amayi anabwera kunyumba kwanga ndikuchapa, nakhala pachitsa. Anayamba mozungulira, kufunsa za sopo, za ana a kusukulu, kenako anafika pamene ankapita.

"Kodi netiweki imeneyi kwawo n'kuti?"

Ndinaseka. "Ilibe kwawo, amayi. Imachokera pa nsanja zazitali zija."

"Ndiye ndikufunsa kuti nsanjazo zili kuti. Kumene imakhala yokhuta, yosafuna nsungwi."

Ndinawauza kuti ku Songani, pamsewu wa tala, imayenda ngati madzi a pampopi. Ndinkadziwa chifukwa ntchito zikuluzikulu za maphunziro anga ndinkakatumizira kumeneko, kuseri kwa shopu ya msuweni wanga amene amasoka zovala.

"Lamulungu tipita," anatero.

"Nanga kutchalitchi?"

"Mulungu akudziwa kumene ndikupita. Ndipo iwe usamuuze mlongo wakoyo. Ukangomuuza, ine ndi iwe tidana."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti zinthu zafika pena. Amayi anga sanajombepo kutchalitchi chikhalire, ngakhale chaka chimene madzi anasefukira ankapita atakwinya chitenje m'mawondo. Komanso njinga yamoto amaiopa ngati njoka, amati anyamata ake amayendetsa ngati ali ndi moyo wina kunyumba. Koma Lamulungu limenelo anakwera okha osathandizidwa, atamanga mpango kukamwa chifukwa cha fumbi, atagwira malaya a woyendetsa ndi manja awiri. Ine ndinali pa njinga ina kumbuyo, laputopu nditaibereka kumsana. Njira yonse ndinkadziuza kuti tikukataya nthawi, tikaona munthu wonenepa akutiseka, ndipo ndidzawanena amayi mpaka chaka chamawa. Koma pansi pa mtima ndinkafuna njingayo iphulike tayala tibwerere.

Msuweni wanga anatitsegulira shopu natisiya, iye n'kupita kukapemphera. Munali fungo la nsalu zatsopano ndi mafuta a makina. Ndinalumikiza laputopu kumagetsi enieni a pakhoma, foni ndinangoiika patebulo, pansi pomwepa, popanda nsungwi, ndipo timizere tonse tinadzaza. Ndinayesa kutsegula tsamba lina, linatseguka chala ndisanachichotse. Ha! Ndinakondwa ngati mwana, mpaka ndinati, "Mwaona, amayi, anzathu mmene akukhalira?" Anakoka mpando, nakhala pafupi kwambiri ndi sikirini, napukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Imba," anatero.

Inaitana kanthawi. Kenako anayankha, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kwawo ndinawaona achimwene anga.

Mayo ine. Timabokosi tija tinali tachifundo. Chipewa chinalipo, jekete linalipo, koma m'kati mwake munali munthu wina. Masaya anali atalowa, mafupa a pansi pa maso atatuluka, milomo yong'aluka yotuwa ngati wadya phulusa. Khosi linkasambira m'kolala ya jekete. Anali atakhala pamatiresi pansi, atatsamira khoma, ndipo kumbuyo kwawo kunali zenera lokhala ndi katani yobiriwira imene inkagwedezeka ndi mphepo. Chilichonse chinkaoneka, mpaka ulusi wosomphoka pachipewa.

Iwo sanazindikire msanga kuti sitili pakhonde. Anamwetulira nati, "Amayi, mwadzuka bwa," n'kuima.

Ine mwachizolowezi ndinayang'ana foni kuti mwina yataya netiweki. Timizere tonse tinali pomwepo. Ndinabwezera maso pasikirini. Achimwene anali duu, pakamwa potsegula, maso otseka theka, chimodzimodzi tsiku la kamvulumvulu lija. Koma katani yobiriwira ija inkagwedezekabe. Chithunzi chikajama chimajama chonse, munthu ndi katani yemwe. Apa katani inkayenda, ndipo pansi pa jekete mapewa ankakwera, kutsika, kukwera, ngati munthu amene akukoka ngalawa pamatope. Sinali netiweki. Munthuyo ankafunafuna mpweya woti amalizire moni.

"Bwanji," anamaliza.

Amayi, ndi maso awo achifungawo, anali atayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini.

"Vula chipewa," anatero.

"Amayi, kuno kukuzi..."

"Vula chipewa, ndine mayi wako."

Apa m'pamene achimwene anayang'anitsitsa, naona nsalu zopachikidwa kumbuyo kwathu ndi makina osokera. Ndinaona nkhope yawo ikuzindikira. "Achemwali, muli kuti kodi?" Ndinati tili ku Songani. Anatseka maso. Dzanja lawo linapita chakukamera, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna kunena, koma mkwiyo unali utandikwera kale.

"Musayerekeze!" ndinakuwa. "Musayerekeze kunena za netiweki lero! Miyezi yonseyi ine ndikuvina ndi chingwe padzuwa, kutukwana anthu osalakwa, kukweza, kutsitsa, kutembenuza chigubu ngati wamisala, inu mukudziwa kuti ndi chifuwa chanu? Mumationa ngati zitsiru eti?"

Ndinkalira uku ndikukalipa, zonse pamodzi. Amayi anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Achimwene anavula chipewa. Tsitsi linali lapatalipatali, lofiirira, ngati la mwana wosowa chakudya.

Anafotokoza pang'onopang'ono, moima ima, ife tikudikira. Chifuwa chinayamba kalekale. Kuchipatala cha kumeneko anawauza kuti fumbi la miyala ija linadzaza m'mapapo, ndipo pamwamba pake panagweranso matenda ena. Ntchito anali atasiya. Anzawo a m'nyumbamo ndi amene ankawapatsa chakudya. Sanafune kutiuza chifukwa ankati achira kaye, agwireko ntchito pang'ono, kenako abwere ngati munthu.

"Ndibwere bwanji chimanjamanja, amayi? Anthu adzati anapitiranji?"

"Anthu ake ati?" amayi anafunsa. "Amene anakubereka ndi anthu? Mwana wa anzathu uja anabwera ndi katundu wambiri, wailesi, mabulangete, zonse zinali pakangolo pambali pa bokosi lake. Mayi wake akufunda mabulangetewo? Iwe ubwera sabata ino. Usadikire kuchira, usadikire kanthu. Ukwere basi ukadali wotha kukhala pampando."

"Ulendo ndi wautali, amayi. Kaya ndikafika."

"Ufika. Ine ndikhala pamsewu."

Sanalire amayi pamenepo. Analira titazima laputopu, atatsamira pa makina osokera a msuweni wanga, kulira kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kunja malole ankadutsa kupita ku Liwonde, anthu akugula tomato, tsiku lili bwinobwino.

Masiku otsatira anali oipa kuposa onse. Abale tinathandizana, anzawo a ku Joni nawonso anachita mbali yawo, ndipo anawakweza basi. Kuyambira pamenepo moyo wathu wonse unapachikika pansungwi ija. Ndipo ngati dala, sabata imeneyo fumbi linachuluka, kumwamba kuli mbuu, dzuwa lofiira ngati la madzulo masanasana, sola yosadzaza batire, netiweki yongobwera n'kuthawa. Mauthenga ankafika mochedwa, ena osokonezeka ndondomeko. Wakuti tadutsa malire oyamba unafika pambuyo pa wakuti basi yawonongeka tili pathengo, moti sindinkadziwa ngati awonongekera kutsidya kuno kapena kutsidya uko. Ndikatumiza funso, kabwalo kaja kankangozungulira. Kenako kunangoti zii. Tsiku lathunthu, lina pamwamba pake, popanda kanthu. Ndinkatsitsa foni, kuiyang'ana, kuikwezanso, mpaka chingwe chinandisupula m'manja. Amuna anga anati mwina batire ya foni yawo yatha, m'basi mulibe potchajira. Ndinati inde, mwina. Tonse tinkadziwa kuti palinso china chimene chimachititsa foni kukhala chete.

Amayi anachita monga ananenera. M'mawa uliwonse ankatenga mkeka kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamene njira ya kwathu imapatuka kumsewu wa kudoko. Galimoto ikamveka kutali ankaimirira, dzanja pamphumi. Sankayang'ana kutsogolo kwa galimotoyo ayi. Ankadikira idutse kuti aone kumbuyo kwake ngati ikukoka kanthu.

Inafika masana ena, ine ndikuchokera kusukulu. Inali galimoto yaing'ono ya hayala ya ku Zomba, yotuwa ndi fumbi, ikuyenda pang'onopang'ono popewa maenje. Inaima pamango paja. Ndinaona amayi akuizungulira, kupita kumbuyo kaye, kugwira ndi dzanja pamene kangolo kakanamangidwa, kenako n'kubwera kuchitseko cha kutsogolo. Achimwene anali atakhala pampando, chipewa chili pamwendo, kachikwama kamodzi kokha kali kumapazi. Kutsika anachita kunyamulidwa ndi amuna anga, ndipo anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Koma anali atakhala pampando.

Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Tinapita nawo kuchipatala ku Zomba, anatipatsa mankhwala, matenda enawo anagonjako, koma za fumbi lija anatiuza mosabisa kuti mwala ukalowa m'mapapo sutulukanso. Anadya mpunga wa kwawo, anaona anzawo a kudoko, anakangana nane za ndale monga kale. Tsiku limene anatisiya, m'nyumba ya amayi, m'mawa kukununkhira dothi lonyowa, amayi anawatseka maso ndi dzanja lawo, ndipo nthawi imeneyi maso anatseka.

Nsungwi ikadalipo, laputopu ikadali ndi nyerere zake, ndipo ndimatukwanabe kabwalo kaja ndikamatumiza ntchito. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri si tsiku la maliro. Ndi Lamulungu lina, patangopita masiku ochepa chifikireni chawo. Tinali pakhonde langa titaweruka kutchalitchi, amayi pamkeka ndi zovala zawo za kutchalitchi, achimwene atatsamira khoma pafupi ndi kampando kamene tinkaikapo laputopu. Ankayang'ana kumatope kumene kale kunali madzi, akutiuza za tsiku limene iwo ndi malemu bambo anagwidwa ndi mwera pakati pa nyanja pochokera pa Chisi. Atafika pamene ngalawa inayamba kulowa madzi, anati, "Ndiye bambo anandiyang'ana n'kunena kuti," n'kuima, pakamwa potsegula.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangopezeka ndaimirira, ndafika pansungwi, dzanja lili pachingwe. Kachigubu kanali pansi, kopanda kanthu, foni ili m'thumba mwanga.

"Khala pansi, iwe," amayi anatero. "Akupuma."

Ndinabwerera pamkeka, tinadikira, ndipo anamaliza nkhani yawo.